Burashi ya a Dennis a ku Brighton

Tadala, bweretsa kuno burashi imeneyo. Ayi, osaiponya, bwera nayo m'manja. Ndakhala ndikukuona kuyambira dzana ukupukutira fumbi pa kompyuta yakoyo, ndimangoti ndione ngati ufunse mwini wake. Sunafunse. Khala apa. Nawenso Yamikani, chotsa timawaya tili m'makutumo, lero undimvere ndi makutu onse awiri.

Mayi anu andiuza kuti Loweruka simukufuna kupita ku Tottenham ku maliro a bambo Kachingwe. Akuti mwayankha kuti, "We don't even know him." Ndamva. Sindikukalipirani, mphamvu zokalipira ana ndinazithera ku Ntcheu. Ndingokuuzani kumene burashi iyi inachokera.

Choyamba, si ya fumbi. Ndi yometera ndevu. Inu mumadziwa kamakina kolira ngati njuchi kamene bambo anu amayendetsa kumaso uku akuyang'ana foni. Kale munthu ankanyowetsa burashi, n'kuizunguliza pa sopo mpaka thovu lituluke, n'kupaka masaya onse, kenako lezala. Bambo anga analibe ngakhale burashiyo. Ankapaka sopo wochapira ndi dzanja, lezala limodzi mwezi wathunthu, likabuntha n'kulinola m'kati mwa tambula. Kalilole wawo anali kachidutswa kosweka kopanikizidwa pa nthambi ya pichesi kuseri kwa nyumba. Koma Lamulungu lililonse ankalowa m'tchalitchi chibwano chili see.

Mwini wake wa burashi iyi anali a Dennis. Dzina la bambo awo ndilisunga, chifukwa ndikudziwani, muthamangira kukawafufuza pa foni ine ndisanamalize.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokonda kugona pa basi. Koma ine ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulayimale, ndipo anthu ankatsika njinga kuti andipatse moni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 agogo anu aakazi, a NaJere, anapeza ntchito ya unamwino kuno ku London. Iwo ndiwo anaitanidwa, ine ndinangobwera pambuyo ngati katundu. Mapepala anga a uphunzitsi atawaona kuno anati ndiyambirenso sukulu. Munthu wa imvi! Ndinapsa mtima miyezi itatu, kenako ndinalowa ntchito ya keya, m'nyumba ina yosamalira okalamba ku Ilford.

Ilford ya nthawi imeneyo si iyi. Sitima yanu ya Elizabeth yozizirira m'kati ija kunalibe. Tinkakwera basi yaitali yopindika pakati ngati bongololo, ndipo ufa tinkakautenga ku Peckham, ulendo wa tsiku lathunthu. Kuti tilankhule ndi mayi anu, amene tinawasiya kwa azakhali awo ali Fomu 2, tinkagula kakhadi pa shopu, n'kukapala ndi ndalama yachitsulo, n'kudina manambala ambirimbiri. Ukangofika pa "kaya mvula kumeneko", kakhadi katha. Inu mumaonana nkhope ndi anthu a ku Lilongwe uku mukudya, koma moni weniweni mumachita kukumbutsidwa.

Ntchito ya keya sindikubisirani. Ndi kusambitsa anthu, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwatengera kuchimbudzi. Masiku oyamba ndinkavala yunifolomu ija m'chimbudzi cha pa siteshoni kuti Mmalawi aliyense asandione nayo mumsewu. Ndinkachita manyazi, ndipo manyaziwo ankandipweteka kuposa msana.

Tsiku loyamba kulowa m'chipinda cha nambala 9 ndinapeza nkhalamba yaitali, yowonda, itakhala pa mpando pafupi ndi zenera, itavala tayi wofiira pamwamba pa zovala zogonera. Inandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ukundidziwa ine kuti ndine ndani?"

"Inde," ndinatero. "Ndinu a nambala 9."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwamwetsa madzi. Atapuma anati, "Ndipo iwe ndiwe ndani?" Ine ndi kunyada kwanga kuja ndinati ndine mphunzitsi wamkulu. Anati, "Chabwino. Hedimasitala wopanda sukulu ndi katswiri wopanda omuonera. Tigwirizana." Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Hedimasitala.

Anzanga a pantchito ndiwo anandiuza kuti a Dennis anali katswiri wa nthabwala. Nthawi imene wailesi ya kanema inali yopanda mitundu, yongooneka zakuda ndi zoyera, akuti Loweruka madzulo mabanja ankasiya zonse kuti awaonere. Ankadzaza maholo. Amayi ankawathamangira mumsewu kuti awalembere dzina pa kapepala. Pansi pa bedi lawo panali katoni ya matepi a vidiyo, aakulu ngati njerwa aja, ndipo tsiku lina anandikhazika pansi kuti ndionere. Pa kanemapo mnyamata wa tsitsi lonyezimira ankalankhula, anthu n'kumagwa ndi phwete. Ine ndinangokhala duu. Nthabwala za Azungu zili ngati chakudya chawo, zimafuna kuzolowera.

"Sunaseke," anatero.

"Mwina mawa," ndinayankha.

Zimenezo zinawawawa kwambiri, moti anandisandutsa ntchito yawo. M'mawa uliwonse ankandikonzera nthabwala yatsopano. Zina ndinkaseka mwaulemu, iwo n'kundigwira. "Kumeneko ndi kuseka kwa keya, sindikufuna."

Kwawo kunali ku Brighton, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, kummwera kwa dziko lino. Mukanawamva akuutama! Ankati palibe mzinda wina ku England umene unabala akatswiri ngati umenewo, ndipo ankawawerenga ndi zala: oimba, ankhonya, a zisudzo, wina wovina, wina wowerenga nkhani pa wailesi. Uyu anakulira mumsewu wathu, uyu mayi ake ankagulitsa nsomba, uyu ndinamumenyapo tili ana. Ine sindinkadziwa ngakhale mmodzi. Ndinkawabwezera kuti nafenso ku Ntcheu tili ndi akatswiri athu, kabichi ndi mbatatesi za pa Lizulu, zimene mabasi onse amaimira. Ankati mbatatesi siiimba. Ine ndinkati koma imadyeka.

Ndinawafunsapo chifukwa chake mzinda umodzi ungabale anthu otchuka ochuluka chotero. Anati ndi mphepo. Mwana wokulira kumeneko amaphunzira kukuwa kuti amveke pamwamba pa mafunde ndi mbalame za kunyanja, ndipo chilimwe chilichonse alendo a ku London amabwera atatopa, akufuna wina woti awaseketse. Bambo awo ankabwereketsa mipando ya nsalu kwa alendo amenewo m'mbali mwa nyanja. A Dennis ali kamwana ankayenda pakati pa mipandoyo akunena nthabwala kuti anthu asanyamuke msanga. Sukulu yawo inali imeneyo.

Manja awo ankanjenjemera, ndiye kumeta kunkawakanika. Kamakina ka magetsi ankakakana, ankati n'kometera nkhosa. Ndipo sankalola kutuluka m'chipinda ndevu zili nyankhalala, ngakhale kupita kukadya phala ndi anthu oti ena mwa iwo sankadziwa n'komwe kuti kwacha. Atsikana a pantchito analibe nthawi ya burashi ndi thovu. Ine ndinali nayo, kapena ndinene kuti ndinkaiba. Madzi ofunda m'kambale, thaulo pakhosi, burashi iyi, lezala. Poyamba ndinkawacheka, iwo n'kunena kuti anthu ambiri anafunapo kuwadula khosi koma ine ndekha ndi amene ndikulipidwa. Pamenepo ndiye ndinaseka zenizeni. Anamenya tebulo ndi chisangalalo, madzi onse pansi.

Ndinawameta zaka zitatu. Pa zaka zonsezo, anthu odzaza maholo aja sindinaonepo ngakhale mmodzi. Amene ankabwera anali mwana wawo yekhayo, mayi Carol, mayi wamkulu kale, wa magalasi. Ankabwera patalipatali, n'kukhala m'mphepete mwa bedi osavula jasi, kachikwama kali pamwendo. A Dennis ankamuchitira nthabwala ngati ali pa nsanja, iye n'kumayang'ana wotchi. Ine mumtima ndinkamuweruza. Ndinkati mwana wotani ameneyu.

Tsiku lina ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Mnyamata wina wa ku Malawi, wa pa yunivesite, anamwalira mwadzidzidzi, ndipo tinasonkhana ku Peckham thupi lisanapite kumudzi. M'mawa mwake ndikupaka thovu, a Dennis anafunsa kumene ndinali. Ndinawauza.

"Anali m'bale wako?"

"Ayi. Sindinamuonepo."

"Nanga anakuitana ndani?"

"Ku maliro saitana," ndinatero. "Ukamva, umanyamuka."

"Kunali anthu angati?"

"Pa maliro sitiwerenga anthu. Koma ena anaima panja."

Kenako anati, "Kwa ine kudzakhala anthu anayi. Ndawawerenga kale." Anandifotokozera mmene zidzayendere. Sadzaikidwa m'manda, adzawotchedwa, kwawo ku Brighton. Ine tsitsi linachita nyaunyau, koma kuno n'zimene ambiri amachita. Anati bokosi amaliika kutsogolo, wina amalankhula pang'ono, kenako amaika nyimbo, ndipo nyimboyo ikamalira katani imatsekeka pang'onopang'ono kubisa bokosi. Nyimbo anali atasankha kale, ya malipenga, imene inkatsegulira pulogalamu yawo.

"Hedimasitala," anatero, "moyo wanga wonse katani sinanditsekekerepo anthu ali chete. Udzabwere ndi anthu ako osaitanidwawo. Mudzandiwombere m'manja."

Ndinakana. Ndinati kwathu kuwomba m'manja mosangalala pa maliro ndi malaulo, anthu angati ndiwe wapha. Anandigwira pa mkono, nkhope theka thovu theka yometa. Sankaseka. Aka kanali koyamba kuwaona ali ndi mantha. Ndinati, "Chabwino, ndidzabwera." Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ana inu, muziyamba mwaganiza.

Anamwalira masamba akuyoyoka m'mitengo, masana, atangomaliza kudandaula kuti supu ndi wozizira. Ndinapempha namwino kuti ndiwamete komaliza asanabwere odzatenga thupi, ndipo anandilola. Ndinalira, sindikubisa. Nyuzipepala ina inalemba timizere tingapo mkatikati, pafupi ndi zamalonda.

Manejala wathu anali mayi wabwino, koma wa malamulo. Anatisonkhanitsa n'kunena kuti mayi Carol apempha kuti maliro akhale a banja lokha. Anandiyang'ana ine makamaka. "Palibe wa pano amene apiteko. Banja likadandaula, ndi nkhani ya ntchito." Ndinayankha kuti ndamva, mmene inu mumayankhira mayi anu akati muzimitse kanema.

Kunena zoona, mawu akuti maliro a banja lokha sanandilowe m'mutu. Ndinkaona ngati ndi ulemu chabe, ngati mmene munthu amanenera kuti musavutike pamene akufuna kuti uvutike. Ndinkati mayi ameneyu akuchita manyazi kuti alibe anthu, ndipo akationa adzapepukidwa mtima.

Lamulungu ku tchalitchi chathu ku Tottenham, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira n'kunena kuti ndaferedwa. Mayi wina anafunsa kuti ndi ndani wanga. Ndinati ndi bambo amene ndinkawameta ndevu. Palibe anafunsanso china. Maliro n'kulirana, ndipo anthu amene aja anali atandionapo pa maliro awo. Ena anasinthana mashifiti, ena anachokera kuntchito osagona. Mpingo unatibwereka minibasi, ndipo bambo wina wa ku Zambia anadzipereka kuyendetsa. "Mudala, osavutika, njila ya ku Brighton niiziba," anatero. Sankaidziwa, koma tinafika.

Agogo anu aakazi ndi okhawo amene anandifunsa funso. Anali akukazinga mandasi a paulendo, osandiyang'ana n'komwe.

"Kodi eni maliro mwawauza?"

"Maliro sapempha chilolezo," ndinatero.

"Ngakhale kumudzi, mlendo amayamba waonekera kwa eni mbumba."

Ndinati iwo adziwe za mandasi, za maliro andisiyire. Anangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Akanena kuti aphunzitsi, mpaka lero, ndimadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Tinanyamuka mamawa, minibasi yodzaza, amayi atamanga zitenje pamwamba pa majasi, mafulasiki a tiyi, mandasi m'ndowa ya pulasitiki. Tinakonzekera tsiku lathunthu, monga timachitira: nyimbo, mawu a mbali iyi, mawu a mbali iyo, mlaliki. Titafika pamalopo, pamwamba pa kaphiri, tinapeza kanyumba konga katchalitchi, ndipo pakhomo pake anamata pepala la mayina ndi nthawi, ngati ku chipatala cha mano. Aliyense theka la ola. Dzina la a Dennis linali pakati pa mayina ena awiri, lolembedwa mofanana ndi anzawowo. Mphepo imene ankaitama ija inalipo, yobaya m'mafupa.

Mayi Carol anali ataima pakhomo, atavala jasi lotuwa. Anaona minibasi, anaona amayi akutsika mmodzimmodzi, kenako anaona ine. Ndinavula chipewa n'kupita pafupi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndine uja ndinkawasamalira. Awa ndi anzanga a kumpingo, tabwera kudzakhala nanu."

"Ndakudziwani," anatero. "Kodi uthenga wanga sanakuuzeni?"

"Anandiuza. Koma bambo anu anandipempha."

"Ndikudziwa kuti anakupemphani. Ankapempha aliyense." Sanakweze mawu. "Bambo, ine ndinakula ndikugawana bambo anga ndi anthu osawadziwa. Tikamadya, anthu pa tebulo. Tikamayenda, anthu. Mayi anga akudwala, iwo anali kukaseketsa anthu. Ndapempha theka la ola limodzi lokha kuti ndikhale nawo popanda gulu. Limenelinso mwabwera kudzanditengera?"

Ana inu, ndakalipiridwapo ndi oyendera sukulu, ndatukwanidwapo pa basi chifukwa cha khungu langa, koma sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo. Zaka zitatu ndinkamuweruza mayi ameneyu osadziwa katundu amene anasenza. Analowa, ndipo bambo wa suti yakuda anatseka chitseko.

Ndinatembenuka. Anthu onse aja, osagona, ena atataya shifiti, ankandiyang'ana. Ndinati tibwerere. A NaJere anamasula chitenje chimodzi, n'kuchiyala pa kapinga wonyowa, kutali pang'ono ndi khomo, n'kukhala pansi, miyendo tambalale. Amayi ena anachita chimodzimodzi. Abambo tinapita mbali yathu, pafupi ndi khoma.

"Sitilowa, ndipo sitiimba," anatero agogo anu. "Koma sitinabwere kudzaona nyanja. Tikhala."

Tinakhala chete, mphepo ikutimenya. Ine mutu unali pawiri. Mwana wamoyo wandikaniza, ndipo ali ndi chifukwa. Bambo wakufa ndinamulonjeza, atandigwira pa mkono. Ntchito nayo inali m'madzi, koma panthawiyo sindinkaiganiza kwenikweni. Ndinkangoona nkhope ija ya thovu theka.

Kenako ndinaimva. Malipenga aja, chapansipansi, kudutsa pa chitseko. Ndinkaidziwa bwino nyimboyo, matepi aja ndinawaonera mpaka kutopa nawo. Ndinadziwa kuti katani yayamba kuyenda.

Kuwomba m'manja kwa m'maholo, kwa phwaphwaphwa kuja, manja anga anakana. Zimenezo pa maliro sindikanatha. Ndinanjuta pansi, n'kupinda zikhatho, n'kuyamba kuwomba mmene timawombera polonjera akuluakulu kwathu. Mwaonapo agogo anu akuchita akalandira mphatso, inu n'kumaseka. Kumamveka pansipansi, phu, phu, phu, mosathamanga. Abambo anzanga ananjuta nawo. Amayi anaweramitsa mitu n'kulowa mumayendedwe omwewo. Palibe anatsogolera, palibe analakwitsa. Nyimbo itatha, nafenso tinasiya pamodzi.

Chitseko cha m'mbali chinatsegulidwa. A Dennis anawerenga anthu anayi, koma anatuluka atatu: mayi Carol, amuna awo, ndi nkhalamba ina ya ndodo imene sindinaidziwe. Mayi Carol anabwera molunjika kwa ine. Ndinaimirira, mawondo atanyowa, ndikudziwa kuti ntchito yatha.

"Munali inu?"

"Tinali ife, mayi. Mutikhululukire."

Anayang'ana amayi aja ali pansi pa kapinga. Anavula magalasi n'kuwapukuta pa jasi.

"Ndili kamwana," anatero, "ankandikhazika pa mpando wa kutsogolo kuti ndiziyambitsa kuwomba m'manja anthu akachedwa. Inali ntchito yanga. Ndinalumbira kuti lero sindiwomba. Nyimbo ija itayamba, manja anga ananyamuka okha, ndinachita kuwakhalira. Ndiye ndinamva inu kunja kuno." Anapumira m'mwamba. "Munachedwa kuyamba. Akanakukalipirani."

Anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka kulira. Kulira kwenikweni, kwa mwana woferedwa, kumene m'kati muja sikunatuluke. Amuna awo anangoima, manja m'matumba, osadziwa chochita. A NaJere anasendera pang'ono pa chitenje paja n'kumenya pansi ndi dzanja, monga amachitira akamakuitanani inu. Mayi Carol, ndi jasi lawo lodula lija, anakhala pansi pakati pa amayi osawadziwa. Wina anawafunditsa chitenje m'mapewa, wina anawathirira tiyi. Sanawauze kuti tontholani. Anakhala mpaka bambo wa suti yakuda anabwera kudzatinong'oneza kuti maliro otsatira afika.

Sanatithokoze, ndipo ife sitinayembekezere. Pa maliro sathokoza mlendo ngati wabweretsa mphatso.

Tisanabwerere tinatsikira kunyanja, poti tinali titafika kale. Ndinkafuna kuona malo amene anabala akatswiri onse aja. Mchenga kulibe, ndi miyala yokhayokha, yoterera, yopweteka kuphazi. Mipando ya nsalu inali itapindidwa n'kumangidwa ndi unyolo, poti nyengo ya alendo inali itatha. Tinagula nsomba yawo yopanda mutu ija ndi tchipisi, mbalame imodzi n'kulanda ya dalaivala wathu m'manja. Anaitukwana m'Chibemba. Tinaseka, ndipo ndikhulupirira kuti mwini mzinda, a Dennis, sakanadandaula.

Lolemba manejala anandiitana. Nkhani inali itamufika, minibasi ya anthu a zitenje siibisika. Anandipatsa kalata ya chenjezo, ndinasaina. Anati banja silinadandaule, chikhala kuti linadandaula bwenzi tikulankhula zina. Ndinagwiranso pamenepo zaka zambiri, ndipo yunifolomu ndinayamba kuvalira kunyumba.

Patapita milungu ingapo kunabwera kaphukusi pantchito. Kunja kwake kunalembedwa dzina limodzi lokha, Hedimasitala. M'kati munali burashi iyi, yokulungidwa m'kathaulo. Kalata munalibe. Mayi Carol sindinawaonenso.

Musaganize kuti ndikudzitama. Ndinalakwa, ndipo agogo anu amandikumbutsa chaka chilichonse. Safunsa anadya phula. Ndikanatha kuwaimbira foni mayi aja, n'kuwauza za lonjezo, n'kumva mawu awo. Sindinatero chifukwa ndinkadziona ngati ndikudziwa za maliro kuposa mwini maliro. Koma ndikamaganiza kuti katani ija ikanatsekeka kuli zii, ndi kuti mayi aja akanakwera galimoto kubwerera kwawo misozi ili m'mimba, sindinganene kuti ndikanakonda kukhala ku Ilford tsiku limenelo.

Anthu amene mumawatsatira pa mafoni anuwa, amene mumadziwa zimene adya m'mawa, a Dennis anali otchuka kuposa ambiri a iwo. Mwa onse amene anawaseketsa, ku Brighton kunabwera nkhalamba imodzi ya ndodo. Bambo Kachingwe ankatsuka mabasi ku garaja, pa kanema sanaonekepo. Kuno ali ndi mchemwali mmodzi yekha. Ulendo uno ndafunsa. Ndawaimbira dzulo mchemwali wawoyo, ndipo anati, "Bwerani, achimwene, bwerani ndi ana omwe, nyumba yandikulira." Simukawadziwa, n'zoona. Simukupita kukawadziwa. Mukupita kukakhala pansi pafupi ndi mayi ameneyo.

Tinyamuka 9 koloko. Yamikani, nsapato zakuda, osati zoyera zothamangira zija.

Tadala, burashi usaibweze pa shelefu. Taona dzanja langali. Ayi, usayang'ane kumbali, liyang'ane. Layamba kunjenjemera chaka chatha, mayi anu ndinawauza kuti ndi kuzizira. Lamulungu lapitali ndinadzicheka kawiri, ndipo kamakina ka bambo anu sindikafuna, n'kometera nkhosa. Ku maliro a mnzanga sindipita ndevu zili chonchi. Popeza burashiyo waikonda, Loweruka udzuke msanga. Madzi akhale ofunda, osati otentha. Thovu ndikuphunzitsa.